Kachomera kolira mu udzu wa ku Balaka: kodi ndi zumba?

Mayi wina wa ku Balaka wandilembera pa imelo. Akuti mu udzu wouma kuseri kwa munda wawo muli kachomera kolekeza m'maondo, ka maluwa achikasu onga a nandolo, ndipo tizitheba take tikauma timalira ngati maseche. Akufuna dzina lake, komanso ngati angathyoleko ndiwo.

Mayi, kulirako kwandiuza zambiri. Kachomera kanu ndi ka gulu la Crotalaria, abale a nyemba ndi khobwe, momwe mulinso zumba. Katengeni m'manja. Chitheba chake ndi chotupa, mkati muli mphako, n'chifukwa chake njere zikauma zimagubuduka n'kumalira. Masamba amakhala atatu pa phesi limodzi, mitundu ina limodzi lokha. Tsegulani duwa ndi chikhadabo: kunsi mupeza kamlomo kosongoka kokhotera m'mwamba, ndipo kuseri kwa duwalo nthawi zambiri kumakhala timizere tofiirira. Mukakazula mosamala nthaka ili yonyowa, ku mizu muona timibulu. M'menemo mumakhala tizilombo tokoka chonde cha nayitrojeni mu mpweya, choncho musafulumire kukatentha pamodzi ndi udzu.

Mukapeza timasamba tambirimbiri tondanda mbali ziwiri za phesi, duwa lachikasu lotambasuka ndi chitheba chophwatalala, chimenecho ndi china, Chamaecrista.

Za ndiwo ndiye ndikuchenjezeni. Mitundu ya Crotalaria ilipo pafupifupi 700 padziko lonse, yochuluka ili mu Africa muno, ndipo ngakhale akatswiri amavutika kuisiyanitsa. Ina imadyedwa ndithu, monga Crotalaria ochroleuca yomwe ku Tanzania amalima n'kumaitcha marejea. Koma yambiri ili ndi poizoni, makamaka m'njere, yemwe amawononga chiwindi mwakachetechete, cha munthu ngakhale cha mbuzi ndi ng'ombe. Simumva kanthu tsiku lomwelo. Choncho sindingakuuzeni kuti phikani chifukwa cha kalata yokha, ngakhale mutatumiza chithunzi.

Kaonetseni kwa agogo a m'mudzi mwanumo amene akhala akuthyola zumba chaka ndi chaka, akaone chomera chonse, osati tsamba lokha. Kuti mudziwe dzina lake lenileni, zulani kamodzi kokhala ndi maluwa ndi zitheba zomwe, mvula ikamatha mu Marichi kapena Epulo. Kaikeni pakati pa nyuzipepala, tsinjizani ndi njerwa mpaka kaume, lembani malo ndi tsiku, n'kukapereka ku National Herbarium, malo osungira ndi kufufuza zitsanzo za zomera, ku Zomba. Kuchokera ku Balaka si patali.