Bwato la pa foni ndi bwato la padoko

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Namwera amene wangolemba mayeso a Fomu 4. Akuti: "Ndimajambula ndi pensulo potengera zithunzi za pa foni, ndipo anthu pa Facebook amandiyamikira kuti nkhope zimafanana ndithu. Koma tsiku lina ndinayesa kujambula agogo anga atakhala pakhonde, zimene zinatuluka ndinachita nazo manyazi mpaka ndinang'amba pepalalo. Kodi n'koyenera kuvutika ndi zinthu zoyendayenda pomwe foni ilipo? Nanga inuyo mumatani tsiku ndi tsiku?"

Achimwene, chimene chandiwawa m'kalata yanuyi ndi pepala munang'ambalo. Pa mapepala anu onse, limenelo ndilo munagwirapo ntchito yonse nokha.

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono, chifukwa wa kamera timati akujambula, wa pensulo timatinso akujambula, ndiye timaona ngati ntchito ndi imodzi. Foni ikamakupatsani chithunzi imakhala itamaliza kale gawo lovuta. Yatenga munthu wokhala ndi kumaso, m'mbali ndi kumbuyo, n'kumuyala pagalasi ngati mphasa, yamuikira malire, yamuletsa kuphethira. Inuyo mumangosamutsa mdima ndi kuwala kuchoka pagalasi kupita papepala. Limenelo ndi luso ndithu, dzanja lanu laphunzira kuleza mtima. Koma diso lakhala likudyera mbale ya kamera. Pamaso pa agogo munalibe wokusankhirani poyambira ndi polekezera, n'chifukwa chake zinabalalika.

Mwafunsa za tsiku langa. Ndimadzuka akamaitana ku mzikiti m'bandakucha, n'kutsetsereka kupita m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi. M'thumba mumakhala kakope, pensulo yofewa ya 2B ndi bolopeni wakuda. Labala ndimamusiya kunyumba dala, chifukwa ukakhala naye umatha theka la nthawi ukufufuta m'malo mopenya. Mphindi khumi zoyambirira ndimajambula anthu odutsa: akabaza, amayi osenza mabeseni a nsomba, ana a sukulu. Aliyense ndimamupatsa theka la mphindi basi. Pa nthawi yochepa choncho sungajambule maso kapena maluwa a chitenje. Umangogwira mzere wa msana, kupendekeka kwa mapewa, ndi mwendo umene wanyamula thupi. Mayi wosenza beseni lolemera khosi lake limaima njo, pomwe chiuno ndicho chimavina. Wakabaza akamakwera chitunda cha mlatho atanyamula munthu wonenepa, thupi lonse limagwera pa pedulo imodzi. Zambiri mwa zojambulazi ndi zokhwatchakhwatcha zoti sindingaonetse munthu, ndipo sindidandaula nazo.

Kenako ndimasankha chinthu chimodzi chosathawa, n'kukhala nacho theka la ola. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa matenda anu ndi omwe ndinadwala ine. Timajambula zimene tikudziwa m'malo mwa zimene tikuona. Uzani mwana aliyense wa kunyanja kuti ajambule bwato, ajambula nthochi yogona chagada. Inenso kwa zaka zingapo ndinkajambula nthochi yomweyo. Tsiku lina ndinakhala pansi pafupi ndi bwato logoba limene analikokera pamchenga, ndipo ndinadabwa kuona kuti milomo yake imapindikira m'kati, kukamwa n'kopapatiza moti wopalasa amakhala pamwamba, miyendo yokha ndiyo imalowa. Mbali imodzi inali yokwera kuposa inzake chifukwa mtengowo unali wokhota. Chakutsogolo panali chigamba cha lata chokhomedwa ndi timisomali, m'mphepete atamata phula, ndipo pansi pake panali podera pamene madzi amafika. Nditalijambula momwemo, msodzi wina anasuzumira n'kutchula dzina la mwini bwatolo. Nthochi zanga zija palibe ndi mmodzi yemwe anazizindikirapo.

Pali tinjira tonyengerera diso kuti lisiye kunama. Tambasulani mkono wonse, pensulo ili chilili, tsinzinani diso limodzi, muyeze mutu wa munthuyo kuchokera pansonga ya pensulo kufika pa chala chachikulu, kenako muwerenge kuti mutuwo ukulowa kangati m'thupi. Munthu wamkulu woimirira umalowa kasanu ndi kawiri kapena kupitirirapo pang'ono, mwana wamng'ono kanayi kapena kasanu. Maso amakhala pakati penipeni pa mutu. Oyamba kumene amawakweza pafupi ndi tsitsi, ndipo ndikukhulupirira kuti agogo aja munawatero. Njira ina ndi kujambula mipata m'malo mwa chinthucho: kampata ka pakati pa mkono ndi nthiti, kapena pakati pa miyendo ya thandala loyanikapo usipa. Mpata ulibe dzina, ndiye mutu sukhala ndi bodza lokonzeratu.

Za utoto ndiye nkhani ina. Aliyense amadziwa kuti nyanja ndi ya buluu, koma pitani mukaiyang'ane. M'mawa dzuwa lisanatuluke imakhala yotuwa ngati lata lakale. M'miyezi ya June ndi July mwera ukamawomba imadera, imapita chakobiriwira, mafunde atavala zipewa zoyera. Mu October utsi wa moto wa m'tchire umadzaza mlengalenga moti mapiri a tsidya amazimiririka, ndipo malire a madzi ndi thambo osaoneka n'komwe. Pano pa Shire, namasupuni akamayandama amaponya kamthunzi kobiriwira pansi pake, ndipo ukapanda kukaika amaoneka ngati amatidwa pamwamba pa pepala. Mthunzi nawo si wakuda. Pamchenga dzuwa likuswa mtengo, mthunzi wa bwato umakhala ndi kabuluu chifukwa ukuwalitsidwa ndi thambo. Kamera ya foni imakonda kuudetsa bii, kapena kuuwalitsa mwa nzeru zake, ndipo chimene chili pafupi nayo imachikulitsa, n'chifukwa chake nkhope zotengera pa selfie zimakhala ndi mphuno zazikulu.

Khungu lathu musalipake ndi penti wakuda wothira woyera, limatuluka ngati phulusa. Sakanizani wofiira, wachikasu ndi kabuluu pang'ono. Mukayang'anitsitsa msodzi akusoka ukonde panja, muona kuti pachipumi ndi pamapewa pakunyezimira mtundu wa thambo, pomwe kunsi kwa chibwano kukubwera kuwala kofiirira kochokera pamchenga.

Kubwerera ku chinthu chomwechomwecho si ulesi. Claude Monet wa ku France anajambula kumaso kwa tchalitchi chachikulu cha ku Rouen maulendo oposa 30 pakati pa 1892 ndi 1894, pa maola osiyanasiyana, chifukwa mwala womwewo unkasintha mtundu dzuwa likamayenda. Chinathandiza anthu a nthawi yake kutuluka panja ndi kachubu ka penti, kamene John Goffe Rand anakatulukira mu 1841. Kale penti ankamusunga m'zikhodzodzo za nkhumba, zoti ukaboola uyenera kumugwiritsa ntchito msanga. Ine tchalitchi changa cha Rouen ndi chipilala cha wotchi chija chili pafupi ndi mlatho, chokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901, nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu August 1914 inakaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann. Njerwa za chipilalacho m'mawa zimakhala zofiira ngati katondo, masana zimambuwa, madzulo mbali imodzi imayaka pomwe inzake yalowa kale mumdima. Mfutiyo ndi mphunzitsi wabwino wa zinthu zobulungira. Imani kutsogolo kwake chapambali, muona mpope wautali uja wafupika, ndipo dzanja lidzakana kuufupikitsa.

Tsono chenjezo. Chaka china ndinakhala pamsika n'kuyamba kujambula mayi wina wogulitsa utaka osawapempha. Atazindikira anaimirira, chitenje atamanga m'chiuno, n'kufunsa kuti nkhope yawo ndikupita nayo kuti. Anthu anaunjikana, wina n'kuponyapo mawu oti zimenezi n'zokhwimira. Ndinachita kuthothola tsambalo n'kuwapatsa, ndi kugulanso mulu wa utaka umene sindinaufune. Wolakwa ndinali ine. Kuno anthu ena safuna kujambulidwa nkhope pa zifukwa za chipembedzo, ena amangoopa kuti mukawagulitsa kwa azungu. Perekani moni kaye, kwa achikulire a Chiyao "Ali uli?" amatsegula khomo, onetsani kope lanu, pemphani. Akakana, jambulani dengu. Ana adzakuzungulirani ndithu mpaka kukutchingirani. Ine ndimasankha wamkulu pagululo n'kumuika kukhala kapitawo woletsa anzake, malipiro ake n'kumujambula pomaliza.

Zipangizo zisakuimitseni. Makala ojambulira mukhoza kuwotcha nokha: dulani timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, tisendeni, tiikeni m'kachitini kotseka koboola kabowo kamodzi pachivundikiro, n'kukaika pambaula mpaka utsi utasiya kutuluka. Mapepala a matumba a simenti amagwira makala bwino kwambiri, ndipo poti ndi ofiirira kale, choko cha kusukulu chimakupatsani kuwala. Penti wa madzi uja amagulira ana ndi wokwanira poyambira, kungoti kutentha kwa Mangochi kumamuumitsa burashi isanafike kumapeto kwa pepala, ndiye pakani m'mawa kapena pansi pa mtengo. Pajatu amene anajambula pamiyala ya Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2006, analibe sitolo. Akafula ankagwiritsa ntchito utoto wofiira wa m'nthaka, Achewa dothi loyera lopaka ndi chala.

Foni sindikuti muitaye. Nkhwazi ikamatsika kudzawakha nsomba ndilibe diso loti n'kuwerenga nthenga zake, ndipo munthu akandipatsa oda ya chithunzi cha malemu bambo ake palibe kuchitira mwina. Koma amene wazolowera zamoyo amadziwa pamene kamera yanama, n'kukonza. Mukapita ku Cape Maclear mukaone zithunzi zambiri zogulitsa alendo: dzuwa lolowa, mlambe, mayi wosenza mtsuko, bwato la nthochi lija. Sindinyoza, anthu akudyetsa nazo ana. Chimandimvetsa chisoni n'chakuti wina anatengera kwa mnzake, mnzakeyo kwa winanso, pomwe nyanja yeniyeniyo ili kumbuyo kwawo, masitepe makumi awiri okha.

Ndiye bwererani kwa agogo. Nkhope isiyeni kaye. Akhazikeni pakhonde pomwe paja akusenda nandolo kapena akutong'ola chimanga, chifukwa munthu wogwira ntchito yobwerezabwereza amabwerera pakakhalidwe komweko, ndipo amaiwala zoti mukumuyang'ana. Jambulani manja okha, mphindi khumi ndi zisanu patsiku, tsamba lililonse mulembepo deti. Masamba akakwana 30 muwajambule ndi foniyo munditumizire onse, ndi oipa omwe. Agogo akafunsa kuti bwanji mwawadula mutu, auzeni kuti mutu ubwera mwezi wamawa.