Achemwali, zojambula za kachisi wa Isis musakazifune ku Pompeii

Achemwali, ndawerenga funso lanu lija, loti mu Juni mukupita ku Italy ndi mwana wanu amene akuphunzira mbiri ya zojambulajambula, ndipo mtima wake wonse uli pa zithunzi za pakhoma za m'kachisi wa Isis, mulungu wamkazi wa ku Iguputo, ku Pompeii, mzinda wakale wa Aroma umene unakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika. Za malo ogona ndi za visa akuyankhani kale ena. Ine ndikamba za kachisiyo basi, chifukwa ulendo wanga woyamba ndinabwerako ndi misozi, ndipo sindifuna kuti inunso zikuchitikireni.

Amene alemba pamwambapa kuti "ingopitani ku Pompeii, zonse zili komweko", ndikukayika ngati anafikadi pakachisipo. Zithunzizo ku Pompeii kulibe. Kachisiyu anafukulidwa pakati pa 1764 ndi 1766, ndipo masiku amenewo akapeza chithunzi chokongola ankachicheka pakhoma ndi pulasitala wake yemwe, n'kuchiika m'mafelemu a matabwa, ulendo wa kunyumba ya mfumu ku Portici. Pambuyo pake zonse zinasamutsidwira ku miyuziyamu yaikulu ya mu mzinda wa Naples, ya Museo Archeologico Nazionale, imene anthu amangoitchula kuti MANN. Ndiye kumene zili mpaka lero. Chotsala ku Pompeii ndi chigoba: njerwa, nsanamira, masitepe, guwa la nsembe, ndi zipupa zimene utoto wake unazimiririka.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Titangotsika sitima pa Pompei Scavi tinakumana ndi madobadoba ovala timabaji m'khosi, ooneka ngati ogwira ntchito pamalopo. Mmodzi anatikokera pakaofesi kena pafupi ndi siteshoni, n'kutiuza kuti pageti pali mzere woti tiima maola awiri. Tinalipira pafupifupi ma euro 45 munthu mmodzi, tikiti pamodzi ndi wotiperekeza. Ndinamufunsa kawiri konse ngati tikaone zojambula za Isis, iye kuyankha kwake: zonse muziona, mayi. Tinali anthu ngati makumi atatu, tikuthamangitsidwa ngati mbuzi zopita kudibi. Pakachisi tinaimapo mphindi zosakwana zisanu. Nditayang'ana zipupa zili mbee, ndinafunsa kuti nanga zithunzi zija zili kuti. Mpamene anandiuza, akuyenda osatembenuka n'komwe, kuti zili ku Naples. Limenelo linali Lolemba. M'mawa mwake ine ndi bambo a kunyumba tinalawirira ku miyuziyamu, kupeza chitseko chili chotseka, pakuti Lachiwiri satsegula. Ndege yathu inali ya Lachitatu mbandakucha. Ndinachita kusunganso ndalama chaka chathunthu kuti ndibwerereko.

Choncho gwirani izi. Musagule tikiti kwa aliyense wokuimitsani pamsewu, kaya avale bwanji. Gulani pa intaneti patsamba lenileni la malowo, kapena pawindo la pageti penipeni. Ya Pompeii imakhala cha m'ma euro 20, ya miyuziyamu chimodzimodzi, koma mitengo imasinthasintha, muonenso musananyamuke. Kuyambira mu Novembala 2024 ku Pompeii salola anthu opitirira 20,000 patsiku, ndipo tikiti imalembedwa dzina la mwini wake, ndiye nyamulani pasipoti. Lamulungu loyamba la mwezi amalowetsa ulere, koma khamu lake ine sindingakulangizeni. Ndipo Lachiwiri lilembeni ndi inki yofiira.

Ine ndikanati yambani ndi miyuziyamu. Kwerani sitima ya pansi pa nthaka, Line 1, mutsike pa siteshoni yotchedwa Museo. Mukalowa musafunse za "Egypt", chifukwa akulozerani kuchipinda cha pansi kumene kuli mitembo youmitsidwa ndi zinthu za ku Iguputo. N'zabwino nazonso, koma si zimene mwadzera. Nenani kuti Tempio di Iside, akukwezani m'mwamba. Funsiranitu pogula tikiti ngati zipindazo zili zotsegula tsikulo, poti nthawi zina mbali ina ya miyuziyamu imatsekedwa. M'menemo muli kachifaniziro ka kachisi yense, kosonyeza mmene analili zipupa zisanavulidwe. Mwanayo ayambire pamenepo, akajambule pafoni, kamuthandiza mawa lake akakaima pakati pa njerwa zija.

Chithunzi chimene aliyense amathamangira ndi cha Io akulandiridwa ndi Isis ku Canopus, mzinda wa ku Iguputo. Io ndi mtsikana wa m'nthano za Agiriki, amene Zeus, mfumu ya milungu yawo, anamukonda, n'kusandutsidwa ng'ombe, n'kuzunzika kuyendayenda mpaka kukafika ku Iguputo. Pachithunzipo wabwerera kale kukhala munthu, koma yang'anitsitsani pamphumi pake, pali tinyanga tiwiri tating'ono. Wanyamulidwa paphewa ndi bambo wandevu woimira mtsinje wa Nile, ndipo watambasula dzanja kwa Isis. Isis wakhala pansi atavala zoyera, njoka yotukumula khosi ija ili m'dzanja lake, mapazi waponda pa ng'ona. Pambali pali kamwana kake Harpocrates, kataika chala pakamwa. Agiriki ndi Aroma ankati kakuuza anthu kuti khalani chete, pomwe kwa eni ake a ku Iguputo chala pakamwa chinkangotanthauza kuti ameneyu ndi mwana. Ine chimene chinandigwira ndi manja awiriwo, la mlendo wotopa ndi la mwini mudzi. Ife amene tikukhala kwa eni, chithunzi chimenechi sitichedwa kuchimva. Pafupi pomwepo pali chinzake, cha Io yemweyo akulonderedwa ndi mlonda wotchedwa Argus, mulungu Hermes atabwera ndi chitoliro chake kudzamugoneka mlondayo. Zonse ziwirizi zinachokera m'chipinda chachikulu cha kumbuyo kwa kachisi, mmene okhulupirira ankasonkhana.

Koma musathere nthawi yonse pamenepo. Kwa ine zokoma kwambiri ndi tizithunzi ta ansembe, tochokera m'khonde lozungulira bwalo la kachisi. Khoma lake ndi lofiira piriwiri, wansembe aliyense waima yekhayekha pakati. Wina wameta mpala, wavala nsalu yoyera yofika kumapazi. Wina watsegula mpukutu akuwerenga, nthenga zili kumutu. Wina wanyamula nyale, wina nthambi ya kanjedza. Ndiye pali mmodzi wovala chigoba cha mutu wa nkhandwe, kuimira mulungu Anubis, thupi lonse atafunda nsalu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa munthu wokulira ku Dedza ngati ine sachita kufotokozeredwa kuti wovala chigoba pamwambo salinso munthu wamba. Pamwamba pa ansembewo pankadutsa mzere wakuda wa masamba opotanapotana, tinyama tikusuzumira m'kati mwake, ndipo apo ndi apo pali tizithunzi ta zombo zankhondo zikulimbana panyanja. Isis ankatengedwa ngati mtetezi wa amalinyero, ndipo Pompeii unali mzinda wa malonda wapafupi ndi nyanja.

Mwana wanu akaonenso kusiyana kwa manja. Zithunzi za m'khonde ndi za Io zinapentedwa ndi akatswiri, mwa kapentedwe kamene ophunzira amakatcha kachinayi ka ku Pompeii. Nkhani yake ndi ya Iguputo, koma nkhope, matupi ndi mithunzi n'zachigiriki ndi zachiroma. Tsono pali zina zochokera m'kachipinda ka m'kati kosungiramo zopatulika. Zimenezo khoma lake ndi loyera, mizere yake ndi yokhuthala, ngati wopenta anali pachangu. Pali Isis ali m'bwato, akukoka bwato lina lonyamula bokosi la mwamuna wake Osiris, amene anaphedwa ndi m'bale wake Seth. Pansi pake njoka ziwiri zazinga dengu lopatulika. Pali Bes, kamulungu kafupi konenepa, ndi nyama zosiyanasiyana za m'chipembedzocho. Alendo ambiri amangozidutsa chifukwa si zosalala. Ine ndimaona kuti m'zimenezi ndi mmene muli chikhulupiriro chenicheni, poti sizinapentedwe kuti odutsa agome nazo.

Mufunsenso zithunzi ziwiri zochokera ku Herculaneum, mzinda wina umene unakwiririka pamodzi ndi Pompeii, zili mu miyuziyamu momwemo. Chimodzi chikuonetsa mwambo uli m'kati: wansembe waima pamwamba pa masitepe atanyamula mtsuko wa madzi opatulika, manja atawakuta ndi nsalu, anthu aima mizere iwiri, wina akukupiza moto paguwa, mbalame za milomo yaitali zotchedwa ibis zikuyendayenda pabwalo. Ena agwira sistrum, kachisekese kachitsulo kamene ankaliza popembedza. Mukachiona chimenechi, bwalo la ku Pompeii lija mudzalimva phokoso lake.

Tsiku lotsatira ndiye pitani ku Pompeii. Sitima ya Circumvesuviana muikwerere pa siteshoni ya Garibaldi mu Naples, ndipo onetsetsani kuti ndi yopita ku Sorrento, chifukwa papulatifomu yomweyo pamadutsanso zolowera kwina. Ndi ma euro atatu kapena anayi, ulendo wa mphindi ngati 40. Chikwama chikhale kutsogolo, foni isakhale m'thumba la kumbuyo, opisa m'matumba m'sitimamo ndi akatswiri. Zikwama zikuluzikulu salowa nazo m'mabwinjamo. Kachisi ali kuseri kwa bwalo lalikulu la zisudzo, ndipo geti la Piazza Esedra ndi limene lili pafupi. Nyumba za m'menemo zimatsekedwa zikamakonzedwa, ndiye onani patsamba lawo ngati kachisiyu ndi wotsegula sabata imeneyo.

Ndi wamng'ono, musadabwe. Koma pamwamba pa khomo pali mawu oti mwana wanu awerenge. Chivomerezi cha m'chaka cha 62 AD chinagwetsa kachisi woyamba, ndipo mawuwo akuti amene anamumanganso kuchokera pamaziko ndi ndalama zake ndi Numerius Popidius Celsinus, mwana wa zaka 6. Zoona zake n'zoti analipira ndi bambo ake, Numerius Popidius Ampliatus, kapolo womasulidwa, amene lamulo silinkamulola kulowa m'khonsolo ya mzinda. Analemba dzina la mwana, ndipo akhonsolo pothokoza anamulandira mwanayo m'gulu lawo kwaulere. Ndiye kuti zithunzi zonse zija zinapentedwa chivomerezi chitapita, ndipo sizinakwanitse n'komwe zaka 20 pakhoma phiri la Vesuvius lisanaphulike mu 79 AD. N'chifukwa chake ofukula anazipeza utoto ukadali wowala.

Pakona ya bwalo pali kanyumba kopanda denga, kokhala ndi masitepe otsikira pansi kumene ankasungirako madzi odziyeretsera, amene ankati ndi a mu Nile. Zoumba za pulasitala za kunja kwake sanazichotse, zikadalipo, ndipo mungazione pamalo pake penipeni. Zungulirani mbali zonse, musangoyang'ana kutsogolo.

Mu Juni dzuwa la kumeneko limaotcha ngati la ku Nsanje mu Okutobala, ndipo mthunzi ndi wosowa. Lowani geti likangotsegulidwa 9 koloko, mupite kukachisi poyamba magulu a alendo asanadzaze. Valani nsapato zafulati, misewu yake ndi ya miyala yoterera, ndipo tengani botolo, mipopi ya madzi akumwa ilimo m'misewu momwemo.