Tifunseni: Kodi mahampu a pasukulu si kuzunza madalaivala?

FUNSO: Ndine dalaivala wa minibasi, ndimayenda msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza. Kwathu kuno makolo ndi mafumu akulimbikira kuti pafupi ndi sukulu paikidwe mahampu ndi chikwangwani cha makilomita 30 pa ola. Inenso ndine kholo, sindifuna mwana wa munthu afe. Koma madzulo bwana amafuna ndalama yake yokwana, pomwe mafuta adakwera mtengo. Bwanji aphunzitsi osangowaphunzitsa anawo kuwoloka bwino m'malo motichedwetsa ife?
Dalaivala, Dedza

YANKHO: Bambo, ndakumvani, ndipo za ndalama ya bwanazo sindikuzipeputsa. Koma pa nkhani iyi ndili mbali ya makolowo.

Tiyambe ndi nthawi imene mukudandaulayo. Tinene kuti chigawo cha pasukulupo ndi mamita 500. Mukamayenda pa 50 mumadutsa m'masekondi 36, pa 30 ndi mphindi imodzi. Mwataya masekondi 24 okha, osafika nthawi imene mumaima pasiteji kondakitala akukweza thumba la mbatata.

Tsono taonani kufunika kwake. Dalaivala watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti aone mwana n'kuponda buleki. Pa 50, m'sekondi imeneyo galimoto yayenda kale mamita 14, phazi lisanafike n'komwe pabuleki. Pa 30, msewu uli wouma, mabuleki ali bwino, pofika mamita 14 omwewo galimoto yaima. Mwana yemweyo, kulakwitsa komweko, koma uku mukungomukalipira pawindo, uko mukumunyamula kuthamangira naye kuchipatala. Nanga minibasi itadzaza, mvula itagwa?

Kuphunzitsako aziphunzitsadi. Koma mwana wa Sitandade 1 satha kuyeza kuti galimoto ikubwerayo ifika nthawi yanji. Ndi wamfupi, akaima kuseri kwa lole simungamuone. Inu mumawaona akaweruka: kakapu ka phala m'manja, wamkulu akukoka mng'ono wake, mnzawo akangokuwa tsidya linalo onse liwiro osayang'ana uku ndi uku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

Mkanganowu si wa kwanu kokha. Mu 2020 maiko atakumana ku Stockholm m'dziko la Sweden adagwirizana zolimbikitsa liwiro la 30 m'malo momwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi. Ku Wales, chigawo cha dziko la Britain, boma litatsitsa liwiro la m'matauni kufika mamailosi 20 (pafupifupi makilomita 32) pa ola mu 2023, anthu oposa 400,000 adasaina kalata yokana. Boma lidalola kuunikanso misewu ina, koma pasukulu silidagonje.

Pomwe muli ndi mfundo ndi pa kamangidwe. Hampu yosapentedwa, kapena mulu wa dothi umene anthu amaunjika okha usiku chifukwa cha mkwiyo, imathyola masipuling'i ndipo imagwetsa a njinga zamoto. Chikwangwani pachokhanso sichiimitsa munthu. Msewu wa M1 uli m'manja mwa Roads Authority, choncho pempho lidzere kukhonsolo mpaka lifike kumeneko, ndipo mahampuwo akhale opentedwa, okhala ndi chenjezo patali.

Kumsonkhano wa makolo ndi mafumu mukapezekeko, mukanene zimenezi ngati munthu wodziwa msewu. Mukatengenso madalaivala anzanu, mukagwirizane zosiya kutsitsa ndi kukweza anthu pamalo pomwe ana amawolokera.