Mdima sutipeza mofanana

Mayi a ku Area 25, mwafunsa kuti bwanji kukagwa mvula yamkuntho ena magetsi amawayakira msanga, pomwe inu mumatha masiku mumdima, chonsecho mzinda wa Lilongwe ndi umodzi.

Nkhaniyi imayambira kutali, ku mtsinje wa Shire. Magetsi athu ambiri amapangidwa ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adayambanso kuzungulira mu 2023. Madzi adasefukira ku Chikwawa, koma mdima udafika mpaka kuno.

Kungoti sudatipeze mofanana. Amene ali pa laini imodzi ndi chipatala kapena mapampu a madzi kawirikawiri sazimitsiridwa nthawi yaitali, ndipo zimenezo ine sinditsutsa. Ku Area 43 akangozima mumamva majenereta akulira, ena sola ili padenga, sadziwa n'komwe kuti kwada. Ku Mtandire kapena ku Mgona pholo likagwa, galimoto ya okonza imatitimira m'matope isadafike, nyumbanso n'zothithikana.

Ndiye ganizirani amene amadya za tsiku lomwelo. Mlamu wanga ali ndi kagolosale ku Kauma. Ulendo wina nkhuku zake zonse zidanunkha mufiriji, mpamba udathera pomwepo. Kuchigayo azimayi ankagona pamzere, mitu atatsamiritsa pa matumba a chimanga, kudikira kuti mwina ayaka pakati pausiku. Makala nawo adakwera mtengo sabata yomweyo.