Mahedifoni otchipa: momwe mungawayesere musanathiremo mpamba

Funso: Ndili ndi bentchi ya zipangizo za mafoni ku Limbe, ndimagulitsa matchaja, zingwe ndi ma memory card. Ndikufuna kuyamba kuoda mahedifoni olowetsa m'khutu, koma kopikula ilipo mitundu yambirimbiri, ina yachingwe, ina ya Bluetooth, ndipo bokosi lililonse likudzitama kuti lake ndiye lolira bwino. Ndingasiyanitse bwanji, nanga ndiode ati kuti ndisaluze?

Yankho: Achimwene, choyamba lekani kukhulupirira bokosi. Manambala aja a 20Hz mpaka 20kHz amene amalembedwa kumbuyo ndi malire chabe a mawu amene khutu la munthu limatha kumva. Amalembedwa pa mahedifoni odula ndi otchipa omwe, ndiye sangakuuzeni kanthu. Kukula kwa kasipika kam'kati, kaya ndi 10mm kaya kuposerapo, nakonso si umboni wa kulira bwino. Za 16 kapena 32 ohms zolembedwa pabokosi zikungotanthauza kuti foni wamba ikwanitsa kuwaliza.

Musanagule katoni, gulani limodzi limodzi pa mitundu itatu kapena inayi imene mukuiganizira. Ndalama imeneyi musaiwerengere ngati yotayika, popeza omwewo mudzawaika pabentchi kuti makasitomala azimvera. Muwayese pa foni imodzi, nyimbo zomwezo, equalizer (chosinthira kamvekedwe ka nyimbo mu foni) itazimitsidwa. Chenjerani ndi voliyumu: khutu limanamizika, hedifoni yolira mokweza imamveka ngati yabwino kuposa inzake ngakhale isali. Muzitsitsa kapena kukweza mpaka onse azimveka mofanana, kenako muweruze.

Nyimbo zoyesera zikhale zosiyana. Ikani amapiano kuti mumve bezi: kodi ng'oma ija ikugunda n'kusiya, kapena ikungochita phokoso losalekeza lophimba woimbayo? Mahedifoni otchipa ambiri amawonjezera bezi dala, chifukwa ndi imene imakopa munthu m'masekondi oyamba ali chiimire pamsika. Akafika kunyumba n'kumvera kwa ola limodzi, mutu wayamba kuwawa. Kenako ikani kwaya. Apa ndi pamene mahedifoni achabechabe amayalukira, chifukwa mawu a amayi, a abambo ndi a otsogolera amasakanikirana ngati phala, pomwe abwino amakulolani kutsata liwu lililonse palokha. Pomaliza mverani munthu akungolankhula, monga nkhani za pa wailesi kapena ulaliki. Ngati "s" aliyense akulasa m'khutu, amenewo asiyeni. Liwu la wolankhulayo liyenera kumveka pakati pamutu. Likapendekera kumanzere kapena kumanja ndiye kuti timasipika tiwirito sitikufanana mphamvu, vuto lofala pa katundu wotchipa ndipo silikonzeka.

Pali kanthu kena kamene ogulitsa ambiri sakalabadira: timalabala takumapeto tija tolowa m'khutu. Tikapanda kutseka khutu bwinobwino, bezi yonse imathawa ndipo hedifoni yabwino imamveka ngati yopanda pake. Makutu a anthu ndi osiyana, n'chifukwa chake opanga osamala amaika timalabala ta masaizi atatu m'bokosi. Mtundu umene wabwera ndi saizi imodzi yokha udzakubweretserani madandaulo amene si olakwa kasipika. Timalabala tapadera mutha kumagulitsanso patokha, timataika kawirikawiri ndipo sititenga malo. Oyesera pabentchi muziwapukuta ndi spirit munthu aliyense akamaliza.

Nyimbo ikulira, gwedezani chingwe pafupi ndi pulagi ndiponso pamene chagawikana. Mukamva kuthetheka, hedifoni imeneyo sikhalitsa. Jambulaninso voice note pa WhatsApp kuti mumve maiki, chifukwa makasitomala anu ambiri amalankhulirapo kuposa kumvera nyimbo.

Pa nkhani ya chingwe ndi Bluetooth, ine maganizo anga ndi akuti pa mtengo wofanana achingwe amalira bwino. Chifukwa chake n'chosavuta: pa a Bluetooth ndalama ya wopanga yagawikana pa mabatire, kachipangizo kolumikizira, kabokosi kotchajira ndi kasipika, pomwe pa achingwe yambiri yapita ku mawu. A Bluetooth otchipa ambiri amalandira mawu kuchokera ku foni pa njira wamba yotchedwa SBC, ena AAC. Mukaona bokosi lotchipa zedi likulonjeza njira zapamwamba monga aptX ya kampani ya Qualcomm kapena LDAC ya Sony, kaikirani. Komanso batire ya lithium imafooka ngakhale ikungokhala pashelefu, kotero a Bluetooth si katundu wosunga miyezi yambiri. Achingwe ali ndi mwayi winanso kuno kwathu: safuna kutchaja magetsi akazima, ndipo mafoni ambiri amagwiritsa ntchito chingwecho ngati eriyo ya FM. Munthu wofuna kumvera mpira pa wailesi ya pafoni, a Bluetooth samuthandiza.

Komabe a Bluetooth musawasiye kotheratu, achinyamata amawafuna ndipo mafoni ena alibenso bowo la 3.5mm lolowetsamo pulagi ya mahedifoni. Apple inalichotsa mu 2016 pa iPhone 7, ndipo mafoni odula a Samsung anatsatira. Mafoni otsika mtengo a Tecno ndi Itel ambiri akadali nalo. Yang'anani mafoni amene anthu obwera pabentchi panu amanyamula, ndiwo akuuzeni kuchuluka kwa mtundu uliwonse. Ngati muoda a pulagi ya USB-C, funsani ngati ali ndi kachipangizo kotchedwa DAC m'kati, kamene kamasandutsa nyimbo za mu foni kukhala mawu omveka. Opanda kachipangizoka salira pa mafoni ena, kuphatikizapo a Samsung ambiri, ndipo kasitomala adzangoti mwamugulitsa chakufa.

Za maina: Oraimo ndi ya kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, eni ake a Tecno, Itel ndi Infinix, ndipo dzinali anthu amalidziwa kale, simuvutika kulifotokoza. Kwa okonda nyimbo kwenikweni kuli kampani ya KZ, imene mitundu yake yambiri ili ndi chingwe chochotseka, chikaduka mumangosintha chingwe. Kulinso Moondrop Chu, imene inatuluka mu 2022 pa mtengo wa pafupifupi madola 20. Amenewa ndi oodera munthu amene wafunsa ndipo wapereka kaye theka, osati odzaza nawo bentchi. Dzina likatchuka ofanizira amachuluka, ndiye pikulani kwa munthu amene amapereka lisiti ndi kulandira katundu wobwezedwa. AirPods kapena JBL wa mtengo wa thumba la makala si weniweni. Kumugulitsa ngati weniweni ndi kunamiza wogula, ndipo madandaulo otere bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira.

Tsopano masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya lero. Mwapikula mahedifoni 20 pa K3,000, mwalipira K60,000, mukugulitsa pa K5,000. Papepala phindu ndi K40,000. Koma asanu akapezeka akufa kapena abwezedwa, mwagulitsa 15 okha, mwapeza K75,000, phindu latsikira pa K15,000 musanachotse thiransipoti ndi chiphaso cha msika. Mtundu wina mwapikula 20 pa K5,000, yonse K100,000, mukugulitsa pa K8,000, wabwezedwa umodzi wokha: mwapeza K152,000, phindu K52,000. Wachiwiriwu ungayende pang'onopang'ono, n'zoona, ndiye lembani m'kope tsiku limene mwaoda, limene atha, ndi angati abwerera. Miyezi iwiri ikakwana kopelo lidzakusankhirani mtundu. Poika mtengo muziyang'ana ndalama imene mudzapikulire ulendo wotsatira, osati imene munapikulira. Katunduyu amachokera kunja, ndipo amene anagulitsa pa mtengo wakale kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anapezeka kuti ndalama ya katoni yathunthu sikugulanso katoni.

Funso: Ndimagulitsa zitenje kudzera pa WhatsApp ku Mzuzu ndipo tsiku lonse ndimakhala pafoni. Ndigule mahedifoni otani osadula?

Yankho: Mayi, inu bezi musailabadire, chofunika ndi maiki ndi kusapweteka m'khutu. Achingwe ali ndi maiki pafupi ndi pakamwa, choncho pamalo aphokoso ngati mumsika amamveketsa mawu anu bwino kuposa a Bluetooth otchipa, amene maiki yake ili kukhutu. Musanalipire, jambulani voice note pomwepo n'kuimvera. Sankhani otseka khutu bwino kuti musamakweze voliyumu polimbana ndi phokoso. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa mlingo wa ma decibel 80 (decibel ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mukakweza kuposa apo maolawo amachepa msanga. Gulani awiri, ena azikhala m'chikwama, chifukwa chingwe chimakonda kuduka pafupi ndi pulagi foni ikamasungidwa m'thumba pulagiyo ili chilowere.