Zithunzi za dzuwa likulowa: tumizani chimodzi, funsani chinthu chimodzi

Achimwene, mwati zithunzi zanu za dzuwa likulowa zikumatuluka kumwamba kuli mbuu kapena pansi pali bii, ndiye mukaonetsa anthu amangoti zili bho osakuuzani pokonza. Ine ndiyambira pa kafunsidwe kanuko chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Mukaponya zithunzi khumi nthawi imodzi nkulemba kuti mukuziona bwanji, anthu angoika timitima nkudutsa, palibe angakhale pansi kuunika zonsezo. Sankhani chimodzi, chomwe chikukupwetekani mtima kuti chinatsala pang'ono kukhala bwino, mulembe munajambulira kuti, nthawi yanji, foni kapena kamera yanji, ISO, shutter ndi aperture (ma setting atatu olamulira kuwala kwa chithunzi) zinali pati, zambiri mwa izi foni imasunga yokha mukatsegula ma details a chithunzicho. Kenako funso limodzi lolunjika, monga bwatoli ndalisiya lakuda dala, likukoka maso kapena likungosokoneza? Funso lotere ngakhale wojambula wotanganidwa amayankha ndithu. Ndipo chonde pa WhatsApp muzitumiza ngati document, mukatumiza wamba chithunzi chimafinyidwa, mitundu ya kumwamba imaduka mizeremizere ndiye anthu azikudzudzulani pa vuto loti si lanu.

Za mbuu ndi bii zija, kamera siingakwanitse kuona kowala kwambiri ndi kwamdima nthawi imodzi ngati diso lathu, ndiye muyenera kuisankhira. Pa foni dinani kumwamba pambali pa dzuwa, mutsitse kuwala mpaka kufiira kuja kubwerere, pansi pade sizodandaulitsa, mthunzi umadzutsika pokonza mu ma app okonzera zithunzi ngati Snapseed kapena Lightroom koma kumwamba kukapsa, kukayereratu mbuu, kwapsa basi. Pa kamera yambirani ISO 100, aperture pa f/8 mpaka f/11, exposure (batani lokweza kapena kutsitsa kuwala) pa -1, ndipo ngati ili ndi RAW, mtundu wa fayilo wosunga zambiri zothandiza pokonza, jambulirani mmenemo. Yatsaninso grid, timizere tooneka pa sikirini, kuti mzere womwe madzi akumana ndi thambo usapendame, chimenechi ndi chomwe wojambula wozolowera amaona koyamba asanaone china chilichonse. Lenzi ya foni muziipukuta kaye, mafuta a zala amapaka chifunga kuzungulira dzuwa.

Nthawinso. Kuno kwathu dzuwa silichedwa, ku Lilongwe mu June limalowa cha m'ma 5:20, mu January kupitirira 6 koloko, ndipo likangobisika mwatsala ndi mphindi ngati 20 mdima usanagwe. Ambiri amalongeza katundu dzuwa likangomira, pomwe mitambo imayaka bwino pambuyo pake. Ngati ndi kunyanja dziwani kuti Senga Bay ndi Nkhata Bay zayang'ana kum'mawa, kumeneko nkwa dzuwa lotuluka. Lolowera m'madzi mulipeza ku Cape Maclear, komwe chilumba cha Thumbi ndi asodzi opita kokaponya zilimira amakupatsani choika kutsogolo, kapena ku Likoma. Mu September ndi October utsi wa tchire umapangitsa dzuwa kukhala lofiira psuu loti mutha kulijambula lonse lozungulira, koma thambo limakhala lotuwa, pomwe mvula ikangokata mu dzinja mpweya umayera ndipo mitambo imagwira mitundu yonse. Zimenezi muzitchula potumiza, munthu asakuuzeni kuti mwalakwitsa mitundu pomwe ndi nyengo.

Tsono mayankho akabwera musameze onse. Wina akati mzere wapendama, kumwamba kwapsa, mwaonjeza saturation (mphamvu ya mitundu) mpaka mchenga wasanduka olenji, zimenezo konzani osatsutsa. Wina akati ine ndikanaika mlambe kumanzere, amenewo ndi maso ake, yesani muone koma chithunzi nchanu. Amene ndimawakhulupirira ine ndi omwe amafotokoza chifukwa, komanso omwe zithunzi zawo ndaziona. Mukampeza mmodzi wotere mugwireni, bwererani pamalo pomwe paja nthawi yomweyo, mujambulenso motsatira zomwe ananena, mumuonetse ziwirizo moyandikana. Munthu akaona kuti mawu ake munawagwiritsa ntchito ulendo wina amakuuzani zambiri. Inunso muziunika za anzanu, kulemba chomwe chagwira ndi chomwe chikuvuta pa chithunzi cha wina kumanola diso lanu kwambiri.

Tumizani chimodzi chija cha kumwamba kwa mbuu, chosakonza, pamodzi ndi ma setting ake ndi nthawi yomwe munajambula, tichione limodzi madzulo ano.