Za Training Day: bwanji Jake sanangopita kukanena?

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: ngati zimene wapolisi wamkulu Alonzo amachita mu filimu ya Training Day zimachitikadi kupolisi, komanso chifukwa chake Jake, wapolisi watsopano amene akuphunzitsidwa ndi Alonzo, sanangotsika m'galimoto n'kukamunenera kwa akuluakulu. Ndiyamba ndi lachiwirilo, chifukwa ambiri amene akuti Jake ndi wamantha sanaonetsetse mmene anamutcherera msampha. Amene simunaonere, dziwani kuti ndiulula mathero.

Filimuyi ndi ya 2001, anaitsogolera ndi Antoine Fuqua, analemba ndi David Ayer. Zonse zikuchitika tsiku limodzi mu Los Angeles, ndipo Alonzo Harris (Denzel Washington) ali ndi ngongole ya 1 miliyoni ya madola kwa zigawenga za ku Russia chifukwa anapha munthu wawo ku Las Vegas. Ayenera kupereka pofika pakati pa usiku. Mukagwira mfundo imeneyi, muona kuti palibe chimene akuchita mwangozi kuyambira m'mawa.

Choyamba akumudetsa Jake. Akulanda chamba kwa ana asukulu, akuimitsa galimoto pakati pa msewu, n'kumuuza kuti wapolisi wa mankhwala ozunguza bongo amene akukana kusuta angaphedwe tsiku loyamba. Jake akusuta, osadziwa kuti muli PCP, mankhwala amphamvu ozunguza bongo. Ambiri amaona ngati n'kuzunza mlendo chabe, koma cholinga chikuoneka madzulo: wapolisi akakhudzidwa ndi kuwombera munthu amamuyeza magazi, ndipo Alonzo akumukumbutsa zimenezo. Jake akadakanena, mawu ake akanakhala a munthu amene wapezeka ndi mankhwala m'thupi ali pantchito, akutsutsana ndi wapolisi wodziwika amene wamanga anthu ambirimbiri. Ndani akanamumvera?

Kenako pakubwera nkhani ya mapepala, ndipo apa ndi pamene filimuyi yaposa zinzake. Kunyumba kwa Sandman, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, Alonzo akulowa ndi chikalata chabodza cha chipikisheni, pepala la mndandanda wa zakudya za kulesitilanti, n'kuba madola 40,000. Ndalamazo sakudya ayi. Akupita nazo kwa akuluakulu atatu a zamalamulo amene akudya nawo masana, n'kugula chikalata chenicheni chokalowera kwa Roger, wogulitsa mankhwala wamkulu amene Alonzo amacheza naye. Taonani mmene zayendera: kuba kwakung'ono kwagula chilolezo cha boma chochitira kuba kwakukulu. Kwa Roger akukumba pansi pa khitchini n'kupeza madola oposa 4 miliyoni. Gawo lina likulowa m'lipoti, lina likusowa. Roger akuphedwa kuti asadzanene kuchuluka kwa ndalamazo, mmodzi wa apolisi a gulu la Alonzo akuwomberedwa dala pa vesiti yotchinga zipolopolo kuti zioneke ngati Roger ndiye anayamba, ndipo nkhani imene onse akugwirizana ndi yakuti amene wawombera Roger ndi Jake. Amupatsa ulemu wa ngwazi, koma ulemuwo ndi chingwe. Akalandira, mlandu wakupha uli pa dzina lake mpaka kalekale. Akalandiranso gawo lake la ndalama, ndiye kuti watha. N'chifukwa chake kukana kwake ndalamazo kukuopsa anzake aja kuposa mfuti imene wanyamula: pakati pa akuba, amene sanadye nawo ndiye mboni.

Choncho Jake analibe khomo logogoda tsiku limenelo. Pamwamba pa Alonzo pali anthu amene angogulitsa kumene chikalata, pambali pake pali apolisi anayi amene alumbira bodza limodzi, m'magazi mwake muli PCP.

Tsopano funso loyamba lija. Inde, zinachitikapo, mumzinda womwewo. Fufuzani nkhani ya Rampart, nthambi ya polisi ya mumzindawo. Kupolisi ya Los Angeles kunali gulu lolimbana ndi magulu a zigawenga lotchedwa CRASH. Mu 1998 mmodzi wa iwo, Rafael Pérez, anamangidwa chifukwa choba kokeni pafupifupi makilogalamu 3 m'chipinda chosungira umboni. Ankatulutsa katunduyo posaina dzina la wapolisi mnzake, ndipo nthawi zina ankabweza ufa wophikira m'malo mwa kokeni. Pofuna kuti chilango chichepe, anaulula, ndipo apolisi oposa 70 anatchulidwa. Nkhani yowawa kwambiri ndi ya Javier Ovando, mnyamata wa zaka 19 amene Pérez ndi mnzake Nino Durden anamuwombera mu 1996 alibe chida, n'kumuikira mfuti, n'kukanama kukhoti. Mnyamatayo anapuwala, ndipo pamwamba pa kupuwalako anagamulidwa zaka 23. Anatuluka mu 1999 chilungamo chitadziwika, mzinda unamupepesa ndi madola 15 miliyoni. Milandu yoposa 100 inafafanizidwa, gulu la CRASH linathetsedwa mu 2000, ndipo kuyambira 2001 polisi yonse ya mzindawo inakhala pansi pa uyang'aniro wa khoti la boma lalikulu kwa zaka zoposa khumi. Mukayerekeza zimene anachita kwa Ovando ndi zimene zikuchitika m'nyumba ya Roger, njira yake ndi imodzi: kuwombera, kukonza malo, kugwirizana nkhani, kulemba lipoti.

Chimene filimu yawonjezera ndi liwiro. M'moyo weniweni wapolisi watsopano samuipitsa m'maola khumi ndi awiri. Zimatenga miyezi: lero kasainire lipoti la zimene sunaone, mawa kalandire kangachepe, mkuja ukanamire mnzako kukhoti. Akamadzazindikira, amakhala ali ndi zake zobisa.

Pa maganizo a anthu amene aonera, pali awiri amene ndimatsutsana nawo. Ena amati Alonzo ndi dolo, amadziwa msewu, ndipo popanda anthu ngati iye zigawenga sizingagwidwe. Zimenezi zimabwera chifukwa Denzel anasewera mokopa kwambiri, mpaka analandira Oscar mu 2002, koma werengani zimene Alonzo wachita tsiku lonselo. Anyamata awiri amene amafuna kugwirira mtsikana wasukulu sanawamange, anangowamenya n'kuwasiya. Kwa Sandman anaba. Roger, amene ankamutcha mnzake, anamupha chifukwa cha ngongole yake. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anatetezedwa ndi iye. Ntchito yeniyeni ya upolisi m'filimu yonseyi ndi ija Jake anachita m'kanjira, polimbana yekha ndi anthu awiriwo kuti apulumutse mtsikanayo.

Ena amadandaula za chikwama, kuti Smiley, chigawenga chimene Alonzo wachilipira, ali pafupi kumupha Jake m'bafa n'kumupeza ndi chikwama cha msuweni wake wa Smiley, mtsikana yemwe uja, chimene Jake anatola m'kanjira muja, ndi mwayi wopitirira muyeso mumzinda wa anthu mamiliyoni. Apa ndikuvomera pang'ono, pamenepo mlembi anakoka chingwe mooneka. Komabe onani zimene Smiley akuchita: sakukhulupirira mawu a wapolisi, akuimbira foni mtsikanayo kuti amve yekha. Chigawenga chikutsimikiza umboni chisanaphe, pamene apolisi asanu kwa Roger sanafunse kalikonse. Kusiyana kumeneko ndiko kukupulumutsa chigawocho.

Chofooka chenicheni kwa ine chili pamathero. Anthu a m'dera lake akumutembenukira Alonzo, a ku Russia akumupha pamsewu, ndipo woonera amapuma kuti zatha. Koma akuluakulu atatu aja palibe wawakhudza, apolisi anayi a gulu lake akadali pantchito, ndipo wailesi ikulengeza kuti Alonzo wafera pantchito ngati wapolisi wabwino. Ambiri samvetsera mawu a pawailesiwo chifukwa amabwera nkhondo itatha. Bwezani pamenepo mumve bwino.

Ngati mukufuna kuona zimene zimagwera munthu amene wasankhadi kukanena, onerani Serpico ya 1973, ya Al Pacino. Ndi nkhani yoona ya Frank Serpico, wapolisi wa ku New York, amene anadandaula za ziphuphu za apolisi anzake kwa akuluakulu ake kwa zaka popanda chochitika, mpaka anapita kunyuzipepala ya New York Times mu 1970. Mu February 1971 anawomberedwa kumaso pantchito yogwira ogulitsa mankhwala ku Brooklyn, anzake ali kumbuyo kwake, ndipo anapulumuka n'kukapereka umboni ku Knapp Commission, komiti yofufuza ziphuphu kupolisi ya mzindawo, chaka chomwecho.